Chiliza Chanu ndi Ukwati wa Azungu Umene Ukutha

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Ife kuno ku Wigston, ku Britain, tilipo, kungoti mtima wanga suli m'malo. Ndiyambe ndi zabwino. Mng'ono wanga Esinati wabereka mwana wamkazi ndipo amutcha dzina lanu. Ku Dedza mbatata yachita bwino chaka chino, achimwene agula kale simenti, ndipo abale agwirizana kuti chiliza chanu tikachivundukule kumapeto kwa Okutobala. Onse akudikira ine, koma ine ndikuopa kukwera ndege.

Ndiyambire pachiyambi, paja munkadana ndi nkhani zopanda mutu. Mayiko a ku Ulaya atatopa ndi kuphana pa nkhondo yaikulu ija, anapangana kuti malasha ndi chitsulo aziyendetsera pamodzi, kuti wina asamasule zida mnzake osadziwa. Pang'onopang'ono ena analowamo, malire anatseguka, mpaka munthu n'kumakhala ndi kugwira ntchito m'dziko la mnzake ngati kwawo. Ali ndi nyumba ya malamulo imene imangosamukasamuka pakati pa mizinda iwiri ngati bambo wamitala, komanso khoti lalikulu limene likagamula onse amamvera. Malamulo amenewo ndiwo akundisunga. Bambo a Tadala ndi a ku Angonia koma pasipoti yawo ndi ya ku Portugal, ndiye ine ndimaloledwa kukhala kuno monga mkazi wawo. Munkaseka muja kuti ndakwatiwa ndi Mpwitikizi wodya mbewa.

Tsono a ku Britain anavota kuti atuluke mu mgwirizanowo. Zaka zitatu zatha akungokangana za kagawidwe ka katundu. Munkati ukwati suthera pakhomo, umathera kwa ankhoswe, koma awa ankhoswe awo akungosinthanasinthana. Tsiku lotuluka analiika mu Malichi, analisuntha, analisunthanso, ndipo pano lagwera sabata yomweyo ya chiliza chanu. Ena akuti adzatuluka popanda pangano lililonse.

A boma anatiuza kuti tilembetsenso chilolezo chokhalira kuno. Bambo a Tadala anayankhidwa msanga, ine mpaka lero zii. Ndikaimba foni amangoti dikirani. Kutchalitchi ku Hyson Green wina akuti pita, palibe chovuta, wina akuti khadi langa lakale lokhalira kuno likhoza kukanidwa pobwerera. Palibe amene akudziwa zenizeni, ngakhale akuluakulu olankhula pa kanema aja. Munkasimba kuti chitaganya chitatha anthu anavina, koma amalume anu amene ankagwira ntchito ku Harare anangotsala mlendo, n'kuferanso komweko. Nthawi imeneyo ndinkangomva ngati nthano.

Kunyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito kuli mayi wina amene anavota kuti atuluke. Ndikamamusambitsa amandigwira dzanja n'kumati povota kuti alendo achepe iye sankanena ine. Nthawi zina ndimapsa mtima, ndimafuna kumuuza kuti walira mvula walira matope, koma matopewo akuponda ndine. Ndimangomupukuta msana n'kumudzoza mafuta.

Dzana mdzukulu wanu Tadala anandipeza ndikuyang'ana mitengo ya matikiti. Wakula, ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi. Anandifunsa ngati ndikapita ndidzabwerenso. Amayi, ndinafuna kunena kuti inde, koma ndinangotseka tsamba la matikiti lija. Simunandilere kuti ndizinamiza mwana.

Ndiye sindibwera. Achimwene ndawauza kale pa foni. Ndikudziwa zimene zikanenedwe pamudzi, kuti Mwatitha watchona, wakonda dziko la eni kuposa amayi ake. Maliro anu ndinaonera pa foni, chiliza ndidzaoneranso pa foni, ndipo zikundipweteka koopsa. Koma inu mwagona pamalo pamene palibe angakusamutseni. Tadala alibe malo otere.

Yankho langa likadzangofika, ngakhale kukhale kuli mvula, ndidzabwera naye. Ndidzasesa pamanda panu ndi manja angawa, ndipo iye adzawerenga yekha dzina lanu pamwalapo. Mundidikire, musandikwiyire.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Mwatitha