Kabelu ka m'motoka ya Gibisoni

Amayi, kodi kumeneko muli bwanji? Mwendo uja unaleka kupweteka? Ine Lameki ndili bwino, ndi apongozi anu a Esitele ali bwino, kungoti dzuwa la Okutobala lino latipsetsa kuno ku Petauke. Malata a galaja yanga amatentha mpaka sipanala siigwilika.

Mwana wanu Tisa anabeleka mwana wamkazi, ndipo tinamupatsa dzina lanu. Ali ndi chipumi chanu, ndipo akakwiya amakwinya nkhope monga mmene munkachitila tikabwela ndi matope m'nyumba. Nshawa za m'munda wanu ku Msanzala tinakumba, zinabala bwino ngakhale tinachedwa kupalila chifukwa cha malilo. Chimanga ndicho chinavuta, anankafumbwe analowa m'nkhokwe. M'masitolo sopo ndi mafuta ophikila zikusowabe. Esitele amaima pa mzele kuyambila m'mawa, nthawi zina n'kubwelako manja lende.

Koma nkhani imene yandigwilitsa cholembela ndi iyi: Gibisoni anabwela.

Mukudziwa kuti pa malilo anu sanalipo. Uthenga unamupeza mochedwa ku migodi, ndipo chichokeleni nthawi imeneyo anangoti zii. Ndiye tsiku lina masana ndili pansi pa lole, ndinamva injini yolila zachilendo, ngati njuchi zambili m'mphako. Potuluka ndinaona motoka yofiila, yaifupi ngati kamba, ya mipando iwili yokha, fumbi lili mbuu. Wotulukamo anali mng'ono wanga, wanenepa, wavala magalasi akuda.

"Akulu, motoka yanga ikulila kabelu," ndiwo anali moni wake.

Ndinafuna kumukalipila, koma ndinakumbukila mmene munkanenela: "Musiye Gibisoni, uyu mutu wake uli pa msewu." Ndinangomuuza kuti atsegule boneti.

Amayi, zaka zonsezi ndakonza malole, mathilakitala ndi njinga zamoto, koma injini yotele ndinali nditangoimva pakamwa pa anthu. Ndi ya ku Japan, anamusiyila mzungu amene ankagwila naye nchito pobwelela kwawo. Ilibe mapisitoni monga zinzake. Mkati mwake muli zitsulo za makona atatu zimene zimangozungulila. Imathamanga zedi, koma imadana ndi kutentha. Ikawila kamodzi kokha, malabala a mkati amapsa, ndipo zoikamo zake m'dziko muno simungazipeze. N'chifukwa chake opanga ake anaiikila kabelu ndi kanyale kofiila, kochenjeza madzi akachepa mu ladiyeta.

Kabelu kameneka ndiko kanamuzunza. Kanayamba kulila atangodutsa asilikali pa mlatho wa Luangwa, akukwela mapili. Akaima, kaleka. Akadikila injini izizile n'kutsegula, madzi akuoneka alimo. Akayenda pang'ono, pokhota kapena pokwela, kayambanso. Anafika ali thukuta lokhalokha, ndipo amafuna ndikonze msanga abwelele mawa lake.

"Kumudzi supitako?" ndinafunsa.

"Msewu uja motoka iyi siingadutse, akulu." Ananena osandiyang'ana.

Ndinayamba ndi zapafupi. Pamwamba pa ladiyeta pali kachitsulo kamene kamamva ngati madzi alipo, ndipo waya wake unali ndi dzimbili. Ndinaupala, ndinaumangitsa. Tinayenda m'boma monse, ana akutithamangila, kabelu kali chete. Gibisoni anayamba kuimba mluzu. Koma titatenga msewu wa ku Minga, pokwela kamtunda, kanalila. Anamenya chiwongolelo ndi dzanja. Ine ndinayang'ana kumbali, chifukwa kumaso kwathu kunali mitengo ija ya pafupi ndi chipatala, kumene ndinakugwilani dzanja komaliza.

Pamenepo ndinayamba kuopa chachikulu: kuti mwina malabala a mkati anali atayamba kale kufa, mpweya wa moto n'kumalowa m'madzi. Zimenezi zimaonekela injini ili yozizila, choncho anayenela kugona kwathu. Esitele anamuphela nkhuku. Anadya pang'ono, maso ali pa mtondo wanu umene tinabwela nawo kuchokela kumudzi.

M'mawa ndinachotsa chivundikilo cha ladiyeta, ndinadzaza madzi mpaka pakhosi, iye n'kuliza injini. Tinawelama tonse awili, mitu kugundana, kuyembekezela thovu. Ndinamuuza kuti thovu likayamba kutuluka motsatana, motoka yatha. Tinakhala choncho nthawi ndithu. Madzi anangonjenjemela, thovu palibe. Kumbuyo utsi woyela kunalibenso. Gibisoni anapuma mwamphamvu n'kukhala pa tayala lakale.

Ine mutu unaima. Waya uli bwino, mkati muli bwino, pansi sipakudontha. Ndinaiwala n'chakudya chomwe, mpaka ndinamva mawu anu m'khutu: "Khala pansi udye, Lameki, chitsulo sichithawa." Ndinakhala pansi, mbale pa maondo, motoka ili patsogolo panga boneti yotsegula, ikuzizila titabwelako koyesanso. Apo ndi pomwe ndinaona kabotolo ka pambali pa ladiyeta. Injini ikatentha, madzi ena amapita m'kabotolo kameneka, ndipo ikazizila ayenela kukokedwa kubwelela. Ndinadya, ndinamaliza, injini inazizilatu, koma madzi m'kabotolo sanatsike ngakhale pang'ono.

Ndinavula kapaipi kolumikiza ziwilizi n'kukapinda. Kunsi kwake, kumene diso silifika, kunali kamng'alu ngati ka chikhadabo. Potuluka madzi ankadutsa bwino, koma pobwelela ladiyeta inkakoka mpweya. Mpweyawo unkakhala pamwamba, ndiye motoka ikapendekeka pa phili, kachitsulo kaja kankakhala pouma n'kuliza kabelu. Ndinadula paipi ya mafuta ya thilakitala yakufa ya kuseli, ndinaikapo, ndinatulutsa mpweya wonse.

Gibisoni anagwila kapaipi kong'ambikako, akukatembenuza m'manja. Ndinaganiza kuti tsopano atsazika. Koma anati, "Akulu, tikayesele msewu wa ku Msanzala."

Sananame, Amayi, msewu uja motoka yake siingadutse. Inakhula mimba pansi kangapo, mpaka tinaisiya pa sukulu n'kuyenda ndi miyendo. Azakhali anatilandila, anatipelekeza mpaka kwa inu. Kodi munamuona? Anavula magalasi aja, anagwada, anayamba kuzula udzu ndi manja ngakhale khasu linalipo. Kenako analila mofuula monga ankachitila ali mwana, nkhope m'fumbi. Sindinamuletse. Ine ndinali nditalila kale ndi mudzi wonse, iye anali asanalile ndi munthu.

Anakhalanso masiku angapo. Ananyamula mwana wa Tisa, anakonza denga la nkhokwe, anandithandiza m'galaja atavula malaya ake okongola. Madzulo tinkakangana za mipila ngati kale. Ndinkangoti mukanakhala pa mphasa pamenepo mukusenda nshawa, mukutiuza kuti tichepetse phokoso.

Tsiku lonyamuka ndinakwela naye mpaka ku Nyimba kuti ndimve ndekha pa mitunda. Kabelu sikanalile. Tinaima pamene amayi amagulitsa nthochi, ndinatsegula boneti, ndinamuonetsa mmene aziyang'anila kabotolo m'mawa uliwonse. Iye sankamva. Anagwila chitseko cha motoka n'kufunsa chapansipansi, "Akulu, kodi ananditchula?"

Ndinamuuza zoona. Ndinati munamutchula, ndipo munatiuza kuti, "Akabwela musamukalipile, ku migodi n'kutali."

Anagwedeza mutu kangapo. Anagula phava la nthochi n'kundipatsa kuti ndikapatse alamu ake, analowa, ananyamuka pang'onopang'ono, osati mmene anabwelela. Ndinaima m'mbali mwa msewu nthochi zili m'manja mpaka injini ija inaleka kumveka kuseli kwa phili. Basi yobwelela ku Petauke inachedwa, ndipo ndinaidikila ndili wokondwa ndi wachisoni nthawi imodzi, ndikulakalaka munthu mmodzi yekha woti ndimufotokozele zonsezi.

Ndiye ndafotokoza, Amayi. Timakusowani tsiku lililonse. Mvula isanagwe ndidzabwela kudzadzala maluwa pamene mwagonapo, ndipo Gibisoni ndizimulembela, ayankhe kapena asayankhe.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Lameki