Lole Imene Ndinaisumira ndi ya Mwini Mbumba

Aphungu,

Ndine mnyamata wa zaka 29, kwathu ndi ku Mzimba koma ndikuphunzitsa Sitandade 4 pasukulu ina m'tauni ya Mangochi. Anthu amati ndine wophunzira, ndipo inenso ndinkavomereza mpaka Loweruka lapitali.

Pamsewu wa pasukulu pathu pamadutsa lole ina yokalamba yonyamula usipa wouma kuchokera ku Nkope. Utsi wake ndi wosasimbika. Ikakupitirirani muli panjinga, mumafika kuntchito ngati mwagona m'khitchini. Mabuleki ilibe, dalaivala amangoliza hutala ali kutali kuti aliyense adzionere yekha. Tsiku lina ana atatu a m'kalasi mwanga anapulumuka podziponya m'ngalande. Ndinapsa mtima, n'kulemba kalata kupolisi m'Chingerezi chokhwima chimene ndinachita kusankha m'dikishonale.

Nkhaniyo inafika kukhoti, ine mboni. Ndinavala suti, baji ya chipani pachifuwa, ndipo atandifunsa zimene ndinaona ndinapitirira muyeso. Ndinayerekeza mmene loleyo imatsokomolera, "Khu! Khu! Phwaa!" mpaka wapolisi wapakhomo anagwira nthiti. Ndinawonjeza kuti mwini wake ayenera kuti anaitola kunkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Mwini wakeyo, bambo wa imvi dzina lawo a Simioni, anangondiyang'ana osaphethira.

A majisitireti analamula kuti lole isaponde msewu mpaka mabuleki ndi utsi zitakonzedwa, oyeza magalimoto n'kuiona. Mlandu adzaumvanso pa 23 mwezi uno. Kenaka anati, "Aphunzitsi, poti maso anu ndi akuthwa, tsikulo mudzatiuza ngati mwaionanso pamsewu." Ndinavomera mokweza, n'kutuluka ndikuyenda ngati khotilo ndi langa.

Tsono Aphungu, ndili pa ubwenzi ndi Dorika, mtsikana wa ku Nkope amene amasoka zovala pakhonde la sitolo ina m'tauni muno. Sabata ya mlanduyo anali ku Zomba kudwazika mkulu wake. Kwathu mwana wamkazi umakapempha kwa bambo ake, choncho chaka chathunthu ndakhala ndikugwadira bambo ake a Dorika, kuwalembera makalata ndi kuseka nthabwala zawo ngakhale zozizira. Dorika ankandiuza kuti, "Muyenera kukaonana ndi amjomba, alongo awo a amayi." Ine ndinkati malume ndi munthu wongobwera kudzadya nawo paukwati.

Loweruka ndinapita kukaonekera ku Nkope pamodzi ndi nkhoswe yanga, mphunzitsi mnzanga a Abednego. Pansi pa mtengo wa mango panali lole. Ndinadzilimbitsa mtima kuti malole ofanana ndi ambiri. Bambo a Dorika anatipatsa moni n'kunena kuti, "Ine ndinangobereka, eni ake a mwanayu ndi awa akubwerawa." M'nyumba munatuluka a Simioni.

Anakhala pampando mosafulumira pafupi ndi amayi a Dorika, n'kunena kuti, "Aa, aphunzitsi, takulandirani. Tatsokomolani pang'ono ngati lole yanga ija, achemwali angawa sanamve nawo." A Abednego, munthu amene ndinabwera naye kuti andiyankhulire, anayamba kuyang'ana nsapato zawo. Potsanzikana a Simioni anati, "Za mbumba yanga tidzakamba pa 24. Tiyambe tamva zimene maso anu aona pa 23."

Chilamulire khoti, loleyo yadutsa kanayi, utsi uli tolotolo. Masiku ano ndikangoimva ndimayang'ana kumbali. Lachiwiri ndinachita kutsinzina ndili panjinga, ndipo ndinakagwera m'munda wa chinangwa wa eni ake. Koma ngakhale nditsinzine, malaya anga oyera amafika kusukulu atanena zonse.

Dorika ndimamukonda, sindinama, ndipo ndikuchita mantha. Ndikakanena zoona, ukwati watha. Ndikakanama, ndanamiza khoti nditagwira Baibulo. Ndithandizeni, nzeru za m'dikishonale zandithera.

K.J.N., Mangochi

Aphunzitsi,

Ndaseka, pepani, koma tsopano tikambe zenizeni. Kupita kupolisi simunalakwe. Ana atatu m'ngalande si nkhani yoyang'anira kumbali. Chimene munalakwa n'chimodzi: munasandutsa bambo wa imvi choseketsa pagulu. Zimenezi zikuwawawa a Simioni kuposa chilamulo cha khoti.

Yambani ndi kupepesa, ndipo mupepese mwa mwambo wa kumeneko, osati wa kwanu. Musapite nokha. A Abednego aoneka kale kuti miyendo yawo ndi yofewa, ndiye pezani munthu wamkulu wa kutchalitchi amene a Simioni amamulemekeza, atsagane nanu. Mukagwade, mukanene kuti pakamwa panu panathamanga. Koma mupepese chipongwe chokha, kalata ija musaipepese.

Tsiku lomwelo muwauze poyera kuti loleyo mwaiona kanayi ndipo mukafunsidwa mudzanena. Asadzamvere kukhoti. Musaganize kuti ndinu nokha muli ndi maso m'Mangochi. Amayi ogulitsa mandazi aiona, apolisi apamsewu mwina aiona. Mukakana inu wina n'kuvomera, mlandu wa a Simioni udzakhala wa mabuleki, wanu wa kunama mutalumbira, ndipo choko mudzachisiya pomwepo.

Pa 23 sipanafike. Musawononge masiku otsalawa m'minda ya chinangwa. Apempheni a Simioni aimike lole lero, inu muwapezere makaniko wodziwa ntchito. Loweruka vulani taye, mukagwire sipanala, mude manja iwo akuona. Poti kulemba mumatha, alembereni kalata yopempha tsiku kwa oyeza magalimoto, koma m'Chingerezi chomveka. Zikatheka mudzakhala ndi zoona ziwiri zokauza a majisitireti: kuti inayendadi, komanso kuti tsopano yakonzedwa. Khoti limamva munthu amene wayamba kukonza.

China chandidabwitsa. M'kalata yonseyi mulibe mawu a Dorika pa nkhaniyi. Mwamufunsa? Chaka chathunthu ankakulozerani khomo loyenera, inu osamva. Amjomba akewo amawadziwa ndi iye, amadziwanso ngati amayi ake angathe kuwafewetsa mtima. Khalani naye pansi lero, ndipo ulendo uno mumvetsere.

Sindikulonjezani kuti a Simioni adzasekerera. Angathe kukuzunguzani miyezi ingapo, mupirire. Ukwati wochedwa umachitikabe. Koma mukagula Dorika ndi bodza, mudzalowa m'mudzimo aliyense akudziwa kuti mkamwini uyu ukamuopseza amanena chilichonse, ndipo mabodza onse a pabanjapo azidzatuma inu.

Chenjezo langa ndi ili. Loleyo imadutsa pamene ana anu amawolokera. Mukakalumbira kuti simunaione, idzapitiriza kuyenda ndi chilolezo chanu. Ndipo tsiku lina m'mawa, mukuitana mayina m'kalasi, padzakhala dzina limene mudzaitane kawiri popanda woyankha.

Aphungu