Yoramu Gibson: Uthenga Umene Unafika Amalume Ali M'njira

Kuchokera kwa Veronica Chimango, Wapampando wa Bungwe la Liwu la Kumapiri, Ntcheu.

Kupita kwa Mayi Eliza Gibson, Anangozo, kwa mchimwene wawo Bambo Lazarus Ngozo, kwa banja lonse ku Champiti, ndi kwa onse amene akulira nafe.

Anangozo, tamva kuti Lachitatu m'mawa munali kuyanika ufa pamkeka pamene mnansi wanu analowa pabwalo akulira, foni ili m'manja, n'kunena kuti, "Pepani, Anangozo." Inu munafunsa kuti, "Mukupepesa chiyani, amwali?" Iye, poganiza kuti munamva kale, anakuonetsani chithunzi cha mwana wanu, kandulo ili pambali, dzina la bungwe lathu lili pansi pake. Umo ndi mmene munadziwira kuti mwana amene munabereka watisiya.

Ife a Bungwe la Liwu la Kumapiri tagwidwa ndi chisoni chachikulu pa imfa yadzidzidzi ya Bambo Yoramu Gibson, amene anamwalira pa ngozi ya galimoto m'mawa wa tsiku limenelo, akupita ku Sharpevale kukaphunzitsa achinyamata. Pamwamba pa chisonicho tasenzanso manyazi, pakuti bala lachiwiri limene munalandira tsikulo tinakupatsani ndife.

Bambo Gibson ndi amene anakonza tsamba lathu la pa intaneti, ndipo analikonza mopepuka kuti lizitseguka ngakhale pa kafoni kakang'ono, kumene netiweki imachita kusakidwa pachulu. Anakonzeranso masamba a pa intaneti amayi ogulitsa mbatatesi ku Lizulu ndi alimi a mpunga a kuchigwa, kuti ogula aziwapeza okha. Pa nthawi ya zisankho anasonkhanitsa achinyamata m'magulu a pa Watsapu, dera lililonse gulu lake, kuwakumbutsa kukalembetsa m'kaundula wa voti ndi kutolera mafunso a anthu akumudzi. Mafunsowo ankawapereka kwa onse ofuna ukhansala ndi uphungu, osayang'ana mtundu wa nsalu imene avala, ndipo mayankho awo ankawaika poyera kuti aliyense awerenge. Bodza likayamba kuzungulira, iwo ankayamba afufuza kaye, kenako n'kuliwongola popanda kunyoza amene analifalitsa.

Koma ine ndimakumbukira kwambiri zing'onozing'ono. Achikulire akabwera ku ofesi, ankawakulitsira zilembo za pafoni osadikira kupemphedwa. Magetsi akabwera, foni ya Bambo Gibson inali yomaliza kutchajidwa. Wina akatukwanidwa pa tsamba lathu, ankafufuta mawuwo, kenako n'kumuimbira wotukwanidwayo kumufunsa ngati wadzuka bwino.

Anatiphunzitsanso lamulo limodzi limene ankalibwereza mpaka achinyamata ankawaseka nalo. Nkhani ya maliro ikafika, ankati, "Anzanga, foni sigwada. Yambani mwafunsa ngati mayi ake auzidwa." Kwathu kuno uthenga wa imfa umanyamulidwa ndi munthu, umalowa pakhomo ndi odi, umakhala pansi, ndipo kulira kumayamba akulu a banja ndi amfumu atadziwa. Tonse tinakulira m'mwambo umenewu, ndipo palibe mwa ife amene anganene kuti sankaudziwa.

Tsikulo mnzathu amene anali kuchipatala anachita zoyenera. Anaimbira Bambo Lazarus kuboma, ndipo iwo ananyamuka pa njinga yamoto kudzakuuzani ndi pakamwa pawo. Ali m'njira, nkhani inafika pa gulu lathu, ndipo achinyamata anandifunsa kuti, "Amayi, tilembe? Tikachedwa ena atitsogola ndi mabodza." Ine ndinayankha kuti, "Lembani." Amene anaika chithunzicho sindiwatchula, chifukwa anamvera wamkulu wawo. Tinazolowera kuthamanga kuti tikhale oyamba, ndipo tinathamanga ndi imfa ya munthu amene anatiphunzitsa kudikira.

Bambo Lazarus anafika n'kupeza maliro atayamba kale kuliridwa, nkhuku zikumwaza ufa uja. Madzulo anandiimbira, ndipo sanandikalipire. Anangoti, "Mayi Chimango, mlongo wangayo ndimafuna agwere m'manja mwanga." Kenako anati, "Kumaliro bwerani. Koma zoti mulankhule pamanda kapena ayi, anena ndi mwiniwake."

Chithunzicho tinachichotsa, ngakhale tikudziwa kuti kuchichotsa sikubweza m'mawa uja. Bungwe lagwirizana kuti kuyambira tsopano silidzalengeza imfa ya munthu aliyense mpaka banja litatiuza lokha kuti tilengeze. Uthenga uno nawonso sitiuika pa intaneti inu musanaumve ndi kuvomera. Pa maliro mafoni athu akhala m'matumba, ndipo ngati simufuna kumva mawu athu pamanda, tikhala kumbuyo ndi kugwira ntchito iliyonse imene adzukulu ndi amayi ophika angatipatse. Sitidzadandaula, ngakhale kuti tikulakalaka kumutsanzika mnzathu.

M'malo mwa komiti, mamembala onse ndi achinyamata amene anaphunzira m'manja mwawo, ndikupereka chipepeso chathu kwa inu, kwa Bambo Lazarus ndi kwa abale onse. Tikupemphera kuti Mulungu, amene sachedwa ndiponso sapupuluma, akugwireni dzanja masiku ano ndi masiku amene anthu adzakhale atabwerera kwawo. Mzimu wa Bambo Yoramu Gibson uuse mumtendere.

Mawu otsalawa si oti wina akuwerengereni. Ndabwera nawo ndekha pakhomo panu, ndipo ndikuwanena ndi pakamwa panga, nditagwada, onse akumva.

Anangozo, uthenga umene unayenera kubwera ndi mchimwene wanu tinautumiza ndi foni. Amene analola ndine. Ndikhululukireni, mayi.