Fathi wa ku Kuwait

Lamulungu, 6 Okutobala

Tidakali pabalaza pa achimwene Sobhi, ine ndi mwana wanga Basant, matiresi amodzi, chithere banja langa ndi Medhat. Mlamu wanga Naima potsuka mbale: "Akulu amati mlendo ndi mame." Amauza mbalezo, koma wamva ndi ine. Msana ukupweteka. Tsiku lonse pamakina osokera.

Lachitatu, 9 Okutobala

Ku Bulaq, muno mu Cairo, ndi bambo Shehata, ejenti wa nyumba. Chipinda chapansi, khoma lonyowa, fungo la ngalande. Lendi mapaundi 2,500, kuposa theka la malipiro anga. Ndinavomerabe. Mwininyumba maso pachala changa: "Bambo akunyumba ali kuti?" Nditangoti banja linatha, wakumbukira kuti chipindacho anasungira mphwake.

Loweruka, 12 Okutobala

Imbaba. Khomo lililonse funso lomwelo. Wina akuti mkazi wopanda mwamuna amadzetsa nsapato zachilendo pamasitepe. Nsapato zachilendo! Zanga zomwe zang'ambika ndi kusaka nyumba.

Shehata, tili mu tukutuku, kanjinga kamoto ka matayala atatu: "Mwana wanga, mphete ndi yotchipa. Mwamunayo umuike ku Kuwait, palibe amene angapite kukamuona." Ndaseka. Ndatopa, Mulungu wanga, ndatopa.

Lachinayi, 17 Okutobala

Ndagula mphete ya mkuwa. Mwamuna wanga ndi Fathi, dalaivala ku Kuwait. Dzinalo ndabwereka kwa wogulitsa gasi. Sasuta, satukwana, sakweza dzanja. Mwamuna wabwino chotere sindinakhale nayepo.

Nyumba ya mayi wachikulire, Hajja Insaf, ku Ard el-Lewa, pamwamba penipeni. Chipinda ndi balaza, zenera lolowa dzuwa, 2,000. "Akazi a amuna ogwira ntchito kunja salephera lendi," atero Hajja. Andipatsa tiyi, kenako makiyi.

Lachisanu, 1 Novembala

Tasamuka. Naima wathandiza kunyamula makatoni ndi changu chimene sindinamuonepo nacho. Basant waimba kubafa. Chichokere kwa bambo ake ndinali ndisanamumve akuimba.

Pamasitepe Hajja amugwira tsaya: "Ndiwe Basant wa ndani, kamwana kokongola iwe?" Iye, monga amayankhira kusukulu: "Basant Medhat." Hajja andiyang'ana. Ine msangamsanga: Fathi ndi wachiwiri, Hajja, woyamba tinasiyana. "Mulungu wakubwezera, mwana wanga." Asangalala kuposa ine.

Lachiwiri, 12 Novembala

Pofika kuchokera kuntchito ndapeza amake Medhat pakhomo, mbale ya keke ya basbusa m'manja. Mchemwali wawo wa Hajja amagula nsomba pamsika umodzi ndi iwo. Cairo yense uja, msika umodzi!

"Zabwino zonse, mkwatibwi! Osatiitanako? Mtsikana wathu timutenga. Sangakulire m'nyumba ya mwamuna wachilendo."

Lamulolo ndimalidziwa, mkazi aliyense wosiyidwa amalidziwa: mayi akakwatiwanso, mwana amapita kwa agogo. Amayi anga ali kumanda, otsala ndi iwowa. Ndinaliiwala bwanji pamasitepe paja? Ndawauza kuti Fathi kulibe. Aseka, aloza mphete. Akuti loya wa Medhat adzaitana Hajja ngati mboni, poti anamva kuchokera pakamwa panga kuti ndinakwatiwa mobisa.

Basbusa ndapatsa amphaka a padenga.

Lachitatu, 13 Novembala

Sindinapite kuntchito. Shehata pafoni: "Ine ndinati mwamuna, sindinati wachiwiri." Walipidwa kale, angadandaule chiyani.

Fathi akakhalapo, nyumba ndi yanga, Basant ndi wawo. Fathi akachoka, kumatiresi a Naima. Palibe choganizira apa, komabe ndakhala m'mawa wonse pazenera, kuotha dzuwa langa la mapaundi 2,000. Ndikumva chisoni ngati ndaferedwa, pamwamuna amene sanabadwe n'komwe.

Mphete yavuta kuvula, ndachita kupaka sopo. Yasiya mzere wobiriwira pachala. Mwayi makatoni sindinataye.

Ndiyenera kutsika kwa Hajja loya asanawapeze. Ndikawauze ndekha: kulibe Kuwait, kulibe Fathi, ndine mkazi wosiyidwa, makiyi anu awa ngati mukuwafuna.

Basant wabwera kusukulu, ali kubafa, wayambanso nyimbo ija. Amalize kaye. Akangomaliza, nditsika.