Munkandiitana Tadala

Amayi,

Kodi muli bwanji kumeneko, msana uja unasiya? Kuno ku Lirangwe tilipo. Chimanga tapeza chochepa, mvula inadula chikumasula, koma nandolo wachita bwino. Mbuzi yanu yamawanga ija yabereka awiri, ndipo kuba sinasiye.

Nkhani yeniyeni ndi ya mwana wanu wapamtima. Tadala ndi woyembekezera, mwezi wake ndi uno. Dzulo anandiimbira ali ku Chileka, ati kuchipatala akufuna gadiyani ndipo apongozi ake akana. Ndiye wakumbukira kuti ali ndi mkulu wake wodziwa kugona pansi pa bedi la wodwala.

Ndikuuzeni zimene simunamve, poti munali m'bokosi. Kumanda, akulu a mpingo anayamika Tadala kuti anadzipereka posamala mayi ake. Tadala! Yemwe uja ankabwera Loweruka ndi botolo la sikwashi, atavala yunifolomu ya ku eyapoti kuti mudzi uone, n'kukhala pakhomo atatseka mphuno ndi mpango? Ine ndinaima kumbuyo, manja atasuwa ndi sopo. Pogawa zovala, azakhali anampatsa bulauzi yanu yoyera ya kutchalitchi. Ine anandiponyera zitenje zimene ndinkakuyalirani, ati ndinazizolowera.

Zimenezo ndikanameza. Amene mwandikhala pakhosi ndinu, Amayi. Ndinataya malo ku koleji ya uphunzitsi kuti ndizikutembenuzani, kukusambitsani, kukumwetsani phala ndi sipuni. Koma mutu utayamba kusokonekera, mukandigwira dzanja munkati, "Tadala mwananga, manja ako ndi ofewa." Tsiku lina nditakuuzani kuti ndine Linile, munalira, mukufunsa kuti nanga Tadala wakuthawiraninji. Sindinayesenso. Mukati Tadala, ine ndinkangovomera. Mpaka munapita osanditchula ngakhale kamodzi.

Mudakali bwino munkakonda kunena kuti, "Ingochita, Linile, Mulungu ali ndi maso." Maso ali nawodi. Koma ine ndinkafuna zituluke pakamwa panu.

Ndinakwiya, ndipo musayembekeze kuti zitha chaka chino. Komabe mphasa ndakulunga, ndowa ndi kapoto ndamanga pamodzi, mawa ndikwera minibasi. Musaseke kumeneko, sindinamukhululukire. Kungoti ndimamudziwa mng'ono wanga, jakisoni chabe amakomoka naye. Zikadzamufika sadzaitana mwamuna wake, sadzaitananso ine. Adzakuwa kuti, "Amayi!" Ndipo sindikufuna kuti m'wodimo mudzangoti zii.

Ndinavomera dzina lake miyezi yonse ija. Ndikukulonjezani, lanunso ndikavomera.

Koma bulauzi ija abweze.

Ndine wanu wokukondanibe, amene ankakusambitsani,
Linile