Akufuna Kundichotsa Imfa ya Janeth

Chililalila, Kabwe
Meyi, 1978

Okondedwa akulu anga a Kenani,

Ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye. Kodi muli bwanji ku Katete pamodzi ndi alamu ndi ana? Mwendo uja unaleka kutupa? Ife kuno tilipo. Ana anga Everlyn ndi Abel akupita kusukulu, ine ndinabwerera kuntchito kunjanji.

Chichokereni inu pamaliro a mkazi wanga Janeth sindinalembe. Ndimati ndiyambe ndakhala bwino, koma zinthu zafika poti sindingathe kuzisenza ndekha.

Mukukumbukira a Philimon, amalume ake a Janeth, aja anakhala pafupi ndi bokosi? Anabwera kuchokera ku Chibombo, atatenga mtsikana dzina lake Sellina, msuweni wa malemu. Anandiuza kuti pa mwambo wawo wa Chilenje imfa ya mkazi wanga ikadali m'thupi mwanga, ndipo ndiyenera kulowa m'nyumba ndi Sellina kuti ichoke. Ndinawayankha mwaulemu kuti ndine Mkhristu wodya Mgonero. Iwo anaseka pang'ono, nati naonso anabatizidwa ine ndisanabadwe, ndipo Mulungu sanakanganepo ndi makolo.

Kenako ananena chimene chandisowetsa mtendere. Akuti ndikakana, anawo awatenga, chifukwa sangasiye adzukulu awo m'nyumba ya munthu wosayeretsedwa. Mukudziwa nokha, akulu, kuti ngakhale kwathu ana ndi akuchikazi. Ndidzakanira pati?

Nkhaniyi yafalikira m'komboni. Amayi a pakhomo loyandikana nalo, amene ankaimba ndi Janeth mu Chigwirizano, anandipatsa tiyi m'kapu yothyoka chogwirira, ndipo ndinaona kuti aisungira payokha. Kuntchito anzanga amandipatsa moni ndi pakamwa, manja ali m'thumba. Pamzere wa sopo ku shopu, malo ondizungulira amakhala otakasuka.

Ndinapita kwa akulu a mpingo. Anandimvera chisoni, anapemphera nane, koma anati ndikavomera ndidzaimitsidwa pa Mgonero. Anandiuza kuti ndilimbike. Ndinatuluka ndikudzifunsa kuti munthu amalimbika bwanji m'nyumba yopanda ana.

Sindikubisirani, akulu. Janeth ndiye ankayambitsa nyimbo m'mawa, ine ndinkangotsatira. Tsopano ndikagwada, maganizo amathawira ku Chibombo. Ndimayamba Atate wathu, ndikafika pakati ndimapezeka ndikuganiza za Abel akuweta mbuzi za eni, sukulu atasiya. Mlungu wathawu mtima unandiuza kuti ndi kamodzi kokha, Mulungu adzamvetsa, ndidzalapa pambuyo pake. Ndinavala jekete kuti ndikatume mawu ovomera kwa a Philimon.

Everlyn anali pakhomo akusita bulauzi yoyera ya amayi ake ya Chigwirizano. Amaisita Lachisanu lililonse ngakhale palibe woivala. Zonse anali atazimva kale kwa anzake. Osandiyang'ana anandifunsa kuti, "Atate, abusa anati amayi ali kwa Yesu. Nanga m'thupi mwanu akuchitamo chiyani?"

Ndinavula jekete.

Musaganize kuti mantha atha. Ndikuopabe, ndipo ndimadzidziwa: a Philimon akakweza mawu ine ndimayang'ana pansi. Sellina nayenso ndi wachisoni. Tsiku lija sanadzutse mutu, ndipo potsanzika anandinong'oneza kuti iye sanafunsidwe kanthu, ndipo ali ndi mnyamata wake ku Mpima.

A Philimon abweranso Loweruka lomaliza la mwezi uno ndi abale ena, ndipo Mgonero ndi m'mawa mwake. Iwo adzadzaza mphasa, mbali yanga kudzakhala ine ndekha.

Chonde bwerani. Ndikudziwa kuti ndi nthawi yokolola ndipo mabasi akuvuta. Sindikupempha kuti mudzandiyankhire, ayi, mawu okana ndidzanena ndekha. Mudzangokhala pambali panga. Mukadzaona ndayamba kuyang'ana pansi, mudzandigwire phewa monga munachitira kumanda. Ndikadzatha kukana, inu mudzawapemphe monga wamkulu kuti anawo atsale, pakuti inu amakulemekezani.

Ngati adzawatengabe, ndifuna Everlyn adzakwere basi akudziwa kuti atate ake anakhulupirira zimene abusa ananena.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa azakhali, ndi kwa onse a mpingo wa kwathu. Muwauze atitchule m'mapemphero. Ambuye akusungeni, akupatseni ulendo wabwino.

Ndine mng'ono wanu,
Sailas