Dinani Wapamwambayo

14 Okutobala

Okondedwa mwana wanga, make mapasa,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi bambo a kunyumba ndi adzukulu angawo. Kuno mayi anu ali bwino, kupatula bondo lija. Ine thupi lilibe vuto, koma mtima sunakhale m'malo. Akulemba kalatayi ndi mlamu wanu, ine ndikungoyankhula, ndipo ndamuuza alembe mawu momwe akutulukira, asakometse. Pa foni sindikanatha kunena izi, chifukwa inu mumadula munthu pakamwa, komanso mafoni ndakwiya nawo.

Mlongo wanu wasiya shopu. Makiyi anaika pa tebulo lodulira nsalu, ine ndikuona, n'kutuluka. Akuti Lolemba akukayamba ntchito kwa Kapinda. Inde, Kapinda yemwe uja ndinamuphunzitsa ndekha kukonza masofa, amene ankapinda misomali mpaka dzina kumukanirira. Pano ali ndi shopu yake kumapeto kwa msewu wathu, ya magalasi kutsogolo. Mwana wobala ine akakhale wantchito wa ameneyo. Ndikufuna mumve kwa ine momwe zinayendera, ena asanakuuzeni zokhota.

Mwezi wathawu ntchito inachepa. Mlongo wanu anati, “Bambo, masiku ano sofa ikang'ambika munthu safunsa aneba, amafunsa foni.” Analemba pa foni yake kuti okonza masofa pafupi, ndipo panatuluka mayina a mashopu atandandalika. Anandiwerengera loyamba. Linali la Kapinda.

Ndinafunsa kuti wamuika pamenepo ndani, poti munthuyo mpaka lero sadziwa kukoka nsalu pa ngodya. Anati malowo amachita kugula. Akuti mawuwo ali pa okushoni. Aliyense wotsatsa malonda amatchula ndalama imene angalipire munthu mmodzi akadina dzina la shopu yake, ndipo wotchula zambiri ndi amene kawirikawiri amakwera pamwamba. Munthu akangoona osadina, sulipira. Akadina, walipira, kaya abwera ndi sofa kaya sabwera. Ndinakhala pansi, mwana wanga. Mawu amene ndawanena ulere moyo wanga wonse, lero anthu akugulitsana.

Ndinavomera kuti nafenso tilowe. Koma mlongo wanu anatchula mtengo wochepa, naikanso malire a ndalama za pa tsiku. Dzina lathu linatuluka lachitatu.

Ndinati, “Iwe, pansi pa Kapinda?”

Anati, “Bambo, odina ndi ambiri, wobwera ndi sofa ndi mmodzi. Mtengo wa kudina ukakwera, phindu la sofayo latha isanalowe pakhomo. Tiyambe pang'ono, tione, tizikweza tikuona. Wachitatu nayenso amaoneka.”

Ndinati, “Ndiye pa maliro anga udzaimenso wachitatu, udzaoneka.”

Ndinamuuza akweze mtengo, achotse ndi malirewo. Anakana. Ndinanena m'mawa, ndinanena madzulo. Tsiku lina ndinamufunsa pamaso pa kasitomala kuti kodi shopuyi anayambitsa ndani. Mlamu wanu akuti mawu amenewo anali olemera. Ine ndikuti linali funso chabe. Mlongo wanu anangopitiriza kudula nsalu, ndipo ine ndinati basi, wakananso.

Nthawi imeneyo anali atapeza ntchito yokonza mipando ya hotelo ina, moti ankachoka m'mawa kukaphwasula yakaleyo komweko. Ine ndinatsala ndi maganizo anga. Ndinakumbukira zija zoti munthu akadina, mwini dzina amalipira. Ndinati chabwino, ngati ine sindikwera, wapamwambayo amve kutentha.

Mukudziwa pa benchi la kometera paja timakhala akuluakulu. Ndinawapeza ometawo, atelala, a sajeni opuma ndi wokonza njinga uja. Ndinati, “Anzanga, ndithandizeni. Lembani pa mafoni anu kuti okonza masofa pafupi, ndiye dinani wapamwambayo. Tsiku lililonse.” Chifukwa chake sindinanene, si nkhani yolengeza pa benchi. Iwo anayang'ana pa mafoni awo, namwetulira, nati, “Akulu, izi tisiyireni.”

Sindinadziwe kuti ndili ndi anzanga okhulupirika chotere. Atelala ankadina m'mawa, masana ndi madzulo ngati mankhwala. Ometa munthu sankamuchotsa nsalu pakhosi asanadine. A sajeni anauza anzawo onse opuma ntchito, ndipo amenewo akauzidwa chinthu safunsa. Inenso ndinkabwereka foni ya mayi anu, mwana wa aneba atandilembera mawuwo, ine n'kumadina ndi chala changa chomwechi, mumtima ndikuti lipira, Kapinda, lipira. Zilembo za pa foni n'zazing'ono ngati nyerere. Ine ndinkangoona malo, kuti apa ndiye pamwamba.

Lachisanu lapitali mlongo wanu anapita kukagula nsalu ndi siponji ya mipando ija. Khadi la kubanki linakana, anthu ali pa mzere kumbuyo kwake. Ndalama zimene a hotelo anapereka zoyambira ntchito zinali mu akaunti yomwe ankalipirira zotsatsazo. Anabwera ku shopu nkhope itagwa, natsegula foni, nati, “Bambo, sindikumvetsa. Anthu adina ngati mvula, koma woimba foni palibe ndi mmodzi yemwe.”

Ine ndinati mwina makinawo ndi akuba. Ndinanena ndi mtima woona.

Pomwepo analowa atelala, tepi ili m'khosi, akusekerera. Anati, “Mwaiona ntchito yathu, achimwene? Shopu yanu sitinailole kutsika. Akazi anga chala chatupa, koma akuti bola dzina la madala liwale.”

Mlongo wanu anati, “Shopu ya ndani?”

“Yanu yomweyi. Si ndi imene ili pamwamba? Madala ndi amene anatituma.”

Mwana wanga, apa m'pamene ndinazindikira kuti masiku onsewo timadina dzina lathu lomwe. Atelala anaona kuti mphepo si yabwino, anakumbukira kuti asiya ayironi pamoto.

Mlongo wanu anatembenukira kwa ine. Anati, “Mumafuna kudya ndalama za Kapinda?”

Ndinati, “Unandiuza wekha kuti pamwamba pali iyeyo.”

Anati, “Analipo. Ndinakweza mtengo tsiku lija munandifunsa za mwini shopu. Ndi malire omwe ndinachotsa. Ndimati ndikamaliza za hotelo ndidzakuonetseni, musangalale.”

Sanakalipe. Kukanakhala bwino akanakalipa. Anangofunsa kuti, “Ndikanena chinthu muno, chimamveka liti?” Kenako ndi pamene anaika makiyi aja.

Mawa lake Kapinda anabwera yekha, chipewa chili m'manja, kundipatsa moni wa abwana ngati kale. Anati, “Abwana, mtengo munaukweza kwambiri, ine ndinangozimitsa zanga. Ndinati aphunzitsi akafuna malo, mwana amapatuka.” Ndiye kuti masiku onsewo ndinkamenyana ndi munthu amene kunalibe. Zimene ndinkafuna kumuchita akuzidziwa, msewu wonse ukudziwa, koma sanatchule. Anati nsalu ndi siponji ali nazo, mipando ya hotelo ikamalizidwira kwa iye kuti kasitomala asakhumudwe. Pamenepo sindikanakana. Koma mlongo wanu akuti mipandoyo ikatha sabwerera, chifukwa kumeneko akanena kanthu amamumvera.

Mlamu wanu akufunsa ngati alembe kuti ndinalakwa. Ndamuuza alembe kuti zinalakwika. Iyenso mwanayo akanandiuza kuti wakweza. Ndipo amene anapanga makina oti bambo ake a mwini shopu akadina nawonso alipire, sindikudziwa kuti analeredwa kuti. Mayi anu akuti ndisiye zimenezo, ndinene chimene ndakulemberani.

Ndalama sindikupempha, musatumize. Ndikupempha mumuimbire mlongo wanu lisanafike Lolemba. Inu amakumverani kuyambira ali wamng'ono. Mumuuze kuti za foni, za mitengo, za makasitomala, zonse ndi zake, ine sindidzatsegulanso pakamwa. Akafuna tikhale achitatu, tikhala achitatu. Akafuna achisanu, mumuuze kuti ndavomera, koma ayambe wayesa achinayi. Ine ndizikhala kumbuyo kuja pa makina anga, ndizisoka zimene wandipatsa. Ndinayesa kumuuza ndekha dzulo titakumana pa mpopi. M'malo mwake ndinangomufunsa ngati madzi akutuluka bwino, madziwo ndikuwaona.

Mu shopu muli sofa ya anthu atatu, yagona chafufumimba, masipuling'i ndamanga kale. Kuitembenuza pamafunika anthu awiri. Wokonza njinga wadzipereka, Kapinda nayenso anati atumiza anyamata ake. Onse ndawakana. Mwini sofayo ndamuuza adikire.

Mundiperekere moni kwa bambo a kunyumba. Mapasawo muwauze kuti agogo akuwasowa, ndipo asamasewere ndi mafoni. Mayi anu akupereka moni wambiri, mlamu wanunso chimodzimodzi. Moni wa mlongo wanu ndilibe. Mukayankhula naye, mudzanditumizireko.

Ndine bambo anu.